Kagalasi ka Mayi Maddox

Mvula inali itagwa masiku naini osakata mu Queenstown, pachilumba cha Tasmania ku Australia, ndipo m'sitolo ya makamera ya a Merv Triffitt munali chimdima ngakhale unali m'mawa. Mayi Coral Maddox analowa osavula magalasi awo akuda. Anaika kamera pakauntala, pambali pake kasilaidi kamodzi, kachithunzi koonetsa pakhoma ndi makina.

"Taonani ichi, a Merv. Munandigulitsa filimu yowola."

A Merv anakweza kasilaidiko kunyali. Pachithunzipo panali a Len, amuna awo a mayiwo, atakhala pampando pakhonde, bulangete lili m'miyendo. Nkhope inatuluka yabuluu, milomo ngati ya munthu womuvuula mumtsinje.

Za a Len tauni yonse inkazidziwa. Zaka makumi atatu pansi mumgodi wa kopa, tsopano fumbi linali litawadya mapapo. Ankapuma ngati akukoka chitsulo.

"Filimu ilibe mlandu, mayi. Mlandu ndi wa mitambo yathuyi," anatero a Merv. "Chithunzi cha papepala otsuka amatha kuchikonza mtundu. Silaidi ayi. Chomwe kamera yaona ndi chomwe chidzaoneke pakhoma. Kopanda dzuwa khungu limazizira. Mankhwala ake ndi fyuluta, kagalasi komangira kutsogolo kwa diso la kamera kuti nkhope zifunde."

"Ndiye mukudikira chiyani? Khrisimasi?"

A Merv sanawauze kuti theka la buluu ameneyo silinali la mitambo. Anakoka kabati ya pansi, mmene munali timagalasi takale tochokera m'nyumba za anthu omwalira, n'kuyamba kufufuza.

Mayi Maddox ankalankhula akuyang'ana khoma, mawu osakwera osatsika, ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Mwana wawo yekhayo, Janine, anali ku Darwin, kutali kumpoto kwa dzikolo, woyembekezera miyezi isanu ndi iwiri. Anali atapita padera kawiri. Madokotala anamuletsa ulendo uliwonse. Tsopano walemba kalata: nditumizireni masilaidi, ndipo ulendo uno muonekemo nonse awiri, amayi musamangobisala kuseri kwa kamera.

"Mumamudziwa Janine. Akaona chosamusangalatsa, mawa lake ali m'ndege ndi mimba yakeyo."

"Ndimamudziwa. Liuma analitengera kuchikazi."

Mayiwo sanaseke. Anadzikanda pamkono, pamwamba pa juzi, n'kukonza phini amene anagwira m'chiuno siketi yomwe inali itawakulira. A Merv anaziona zonsezo. Anaonanso pawudala wochuluka kumaso, chinthu chimene Mayi Maddox sankadzola ngakhale kuukwati. Kudwazika kumamaliza munthu, anaganiza choncho. Iwonso anadwazikapo akazi awo zaka ziwiri, ndipo ankakumbukira kuti imafika nthawi yoti munthu sumvanso kanthu, umangochita zoyenera kuchita.

Anayala timagalasi titatu papepala loyera. Koyamba kanali ngati tiyi wosapsa. Kachiwiri ngati mowa wa m'botolo. Kachitatu kanali ngati uchi wakale.

"Tengani kapakatika. Kabwezera a Len magazi m'masaya, palibe amene adzadziwe."

"Nanga kachitatuko?"

"Ako n'kojambulira m'chigwa chopanda dzuwa m'nyengo yachisanu. Pankhope za anthu kamawononga. Khoma loyera lidzakhala lachikasu. Nsalu zapabedi, mano, ngakhale maso a galu wanu uja. Zonse."

"Zonse?"

"Zonse. Janine adzati mwajambulira m'kati mwa botolo la msuzi wachikasu wothira pasoseji."

"Ndipatseni komweko."

A Merv anapukusa mutu. Zaka makumi anayi akugulitsa makamera, ankadziwa kuti munthu wamantha amathira mankhwala ochuluka. Anayesanso.

"Mayi, a Len safuna zonsezo. Atulutseni kukachita kadzuwa, muwaveke malaya ofiira, mumange kapakatika. Basi."

"Kadzuwa? Kuno? Mwaledzera m'mawa uno, a Merv?" Anayang'ana wotchi. "Fulumirani. Basi ya ku Hobart inyamuka leveni koloko, akundidikira kuchipatala. Ndikabwerako Lachisanu, a Doreen oyandikana nafe adzatijambula."

Akukatenga zotsatira za mapapo a a Len, anatero a Merv mumtima. Ulendo wa maola asanu kukatenga pepala lonena zomwe aliyense akudziwa kale.

Anapukuta kagalasiko ndi kansalu, n'kukamanga pakamera. Kanalowa bwinobwino, osalimba osakhwepa.

"Suzumirani kaye musanagule. Musadzabwerenso kudzandinena kuti ndagulitsa zowola."

Mayi Maddox anazengereza. Ndi magalasi akuda sakanaona kanthu. Anawavula, n'kukweza kamera msanga kumaso. Analoza khoma, analoza pepala loyera lija, kenako analoza a Merv amene.

"Mwasanduka dzungu," anatero.

"Ndinakuuzani. Palibe choyera chidzatsale."

"N'chimene ndimafuna."

Anatsitsa kamera. Nyali ya pakauntala inawawalira kumaso. Maso a Mayi Maddox, mbali yoyera ija, anali a mtundu wa kagalasiko ndendende, achikasu ngati a munthu wodwala chiwindi.

"Janine nkhope ya bambo ake anaizolowera kale, yangayi ayi," anatero mayiwo, akubwezera magalasi awo. "Kulungani. Basi indisiya."