Anasaka Mayina a Eni, N'kutaya la Bambo Ake

Panali munthu wina ku Nkhotakota dzina lake Yahaya, ndipo nkhani yake imandipsetsa mtima nthawi iliyonse ndikamaifotokoza. Zinachitika cha m'ma 2003, intaneti ikungofika kumene pa boma.

Bambo ake, a Sufiyani, anamwalira n'kusiya resitihausi ya zipinda zisanu m'mbali mwa nyanja. Anali munthu wa mzikiti, woti mowa ndi njuga sizinkaponda pakhomo pawo. Iwo adakali moyo, mzungu wina amene anagona pamenepo mwezi wathunthu anawapangira tsamba la pa intaneti, n'kulitcha dzina lawo lomwelo la Sufiyani. Analipiriratu zaka ziwiri. Ponyamuka anachenjeza kuti dzina la pa intaneti si munda wa makolo. Nthawi ikatha osalipiranso, limagwa, ndipo aliyense atha kulitola.

Pa mawu onsewa, Yahaya anamva mbali imodzi yokha, yoti aliyense atha kutola. Basitu mutu unazungulira.

Pa boma panali shopu ina yokhala ndi kompyuta imodzi, yolipira pa mphindi. Yahaya anasanduka mlonda wa mpando umenewo. Tsiku lonse ankangowerenga mndandanda wa mayina omwe eni ake aiwala kulipira. Akaona lomusangalatsa, ankaimbira msuweni wake wa ku Joni, yemwe anali ndi khadi la kubanki, kuti amulembetsere. Ankati eni ake akadzadzidzimuka adzabwera chokwawa ndi madola. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kumadikirira tsoka la anzake ngati khungubwe.

Tsiku lina mlongo wake Shamsa, amene ankayendetsa resitihausi ija, anamuimitsa pakhomo.

"Achimwene, zaka ziwiri za mzungu uja zikutha mwezi uno. Imelo ya resitihausi mwaitsegula?"

"Iwe Shamsa, mphindi iliyonse pa kompyuta paja ndi ndalama. Ndizitaya powerenga makalata a azungu ofunsa ngati tili ndi maneti a udzudzu?"

"Nanga dzina la ababa likagwa?"

"Aligwira ndani? Kunja kuja amudziwa ndani Sufiyani? Ine ndikusaka mayina onona, osati zimenezo."

Makalata atatu ochenjeza analowa mu imelo ija. Palibe ngakhale imodzi imene inatsegulidwa. Dzina linagwa. Ndiye poti alenje a mayina si Yahaya yekha, munthu wina wa kutsidya kwa nyanja zamchere anaona kuti tsambalo limachezeredwa ndi anthu, n'kulitola tsiku lomwelo.

Patapita milungu itatu kunabwera amalume a Yahaya ndi Shamsa kuchokera ku Dwambazi. Shamsa anawatenga kupita ku shopu ija kuti akaone chithunzi cha malemu alamu awo pa kompyuta. M'shopumo munali anthu odikira kujambulitsa mapepala. Shamsa analemba dzina lija. Tsamba linatseguka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Poyamba panatuluka zilembo zikuluzikulu zakuti SUFIYANI. Kenako makhadi a njuga. Kenako akazi osavala.

Amalume aja anatuluka osatsanzika.

Kodi anthu a pa boma akanadziwa bwanji zoti dzina limagwa n'kutoledwa? Iwo anaona dzina, anaona zithunzi, nkhani yatha. Pofika Lachisanu, pabwalo la mzikiti pankanong'onedwa kuti ana a Sufiyani ayamba kugulitsa akazi pa kompyuta. Ena mpaka ankati mwina mkuluyo anayamba yekha adakali moyo. Munthu woti moyo wake wonse sanaphonyepo mapemphero a swala, kumunyoza ali m'manda chifukwa cha mwana wankhutukumve.

Yahaya analembera mwini watsopano uja, kumupempha. Yankho linabwera la mzere umodzi: madola zikwi zitatu. Anayesa kugulitsa mayina ake onse aja, khumi ndi anayi. Palibe amene anafunsako ngakhale mtengo.

Mayi ake, a Madina, anamuitana.

"Iwe Yahaya, akuti dzina la bambo ako lili m'manja mwa munthu. Munthu wake ndani?"

"Sindikumudziwa, amayi."

"Kwawo ndi kuti?"

"Sindikudziwanso."

"Ndiye tikadandaule kwa ndani? Kupolisi? Kwa ashehe?"

"Kulibe kodandaula, amayi. Analitenga mwalamulo."

"Mwalamulo. Ndiye kuti unamupatsa ndiwe."

Mayi aja sanalire. Anatenga ndowa ya laimu ndi burashi, n'kupita pakhoma la kumsewu pamene amuna awo analembetsa dzina lawo ndi penti yobiriwira. Shamsa anawagwira dzanja.

"Amayi, alendo azitidziwa bwanji?"

"Asatidziwe. Bola khoma likhale lopanda kanthu kusiyana n'kuti aliyense wodutsa aziwerenga dzina la bambo ako n'kumaseka."

Anafufuta chilembo chimodzichimodzi ndi manja awo, anthu akuonerera pamsewu. Yahaya anaima pomwepo mpaka chilembo chomaliza chinazimiririka.

Phunziro: Usamathamangire zimene anzako agwetsa uku zako zili m'mphepete mwa phompho. Zimene ukukonzera ena, dziwa kuti pali wina wochenjera kukuposa amene akukukonzera iwe. Ngati muli ndi dzina pa intaneti, dziwani tsiku limene likutha, tsegulani makalata anu, lipirani nthawi ilipo. Ndipo m'bale wako akakuchenjeza, mvera, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Musaisunge nkhaniyi. Ipatsireni ena, makamaka aja otanganidwa ndi za eni mpaka kuiwala za kwawo.