Njinga ya Haruni Inafera pa Boterekwa

Panali munthu wina ku Mandava, komboni ya pamgodi kudziko la Ashona, dzina lake Haruni. Amene anandiuza nkhaniyi amatunga madzi pa mpopi umodzi ndi mkazi wake, ndiye musati ndapeka.

Chinali chaka cha 2008, chija m'mashopu munali mbee, kumgodi malipiro akubwera mwa apo ndi apo. Haruni anatsikira ku Joni, anagwirako ntchito miyezi ingapo, n'kubwera ndi njinga yamoto yatsopano, yofiira, yokhala ndi kagalasi kotchinga mphepo. Mandava yense anatuluka kudzaona.

"Iyi si njinga, ndi nthenga," ankatero Haruni. "Ikagwa ndimaidzutsa ndi dzanja limodzi. Upita ku Gweru n'kubwerako msana osamva kanthu. Mafuta siimwa, imangonyambita."

Ulendo woyamba anapita ku Somabhula kukaonetsa bambo ake, Che Sandifolo, amene anakalambira kunjanji akukonza mainjini opopa madzi. Mkuluyo anaizungulira, namvetsera kulira kwake.

"Ndi yabwino, mwanangu. Koma kainjini kotere sikakhululuka. Petulo wa m'zigubu usathire usanamuyese. Dontheza papepala. Akauma osasiya banga, ndi petulo. Banga likatsala, muli palafini. Chachiwiri, thanki isamakhale youma. Ine ndakalamba, tsiku lina adzakuitana mwadzidzidzi."

Haruni anaseka. "Baba, inu mukunena mainjini a nthawi ya atsamunda. Iyi ndi ya lero."

Atabwerera, anamufotokozera mkazi wake malangizowo moseka, ndipo mafuta onse anathera m'kudzionetsa. Mandava, Makwasha, Mandava, Makwasha, kuzungulira makomboni ngati wataya kanthu. Ndipo kumbuyo sikunkakhala Kulusumu mkazi wake ayi. Kunkakhala Natsai, mtsikana wina wogulitsa tomato, atamugwira m'chiuno zolimba ngati agwa, pomwe njinga ikuyenda pang'onopang'ono kuti anthu aone bwino.

"Ine mwandikweza kamodzi kokha," anatero Kulusumu, "ndipo kunali kuchigayo, thumba lili pamiyendo."

Lachiwiri lina m'mawa foni inalira. Anali Nadia, mlongo wake, ku Somabhula.

"Achimwene, baba atisiya. Ashehe akuti tiika ikatha swala ya madzulo. Fulumirani, ndinu woyamba kubadwa, wotsikira m'manda kukawagoneka ndinu."

Mukudziwa abale athu achisilamu sagoneka maliro. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala ataikidwa.

Haruni anagwedeza njinga. M'thanki munali zii. Malo omwetsera mafuta anali atauma kwa milungu. Anathamangira pokwerera mabasi, n'kubwera ndi munthu wina wachilendo, wa chipewa chachikopa, atanyamula chigubu.

"Mudhara, iyi ndeyekuBotswana," anatero mlendoyo m'Chishona. Akuti petulo wake ngwochokera kunja, woyera ngati misozi.

Kulusumu anang'amba pepala m'kope n'kutuluka nalo kwa mwamuna wake.

"Bambo a Kamal, donthezani kaye, monga ananenera apongozi."

Anthu anali atasonkhana pampanda, Natsai ali pomwepo. Haruni anachita manyazi kulangizidwa ndi mkazi pagulu.

"Bambo anga ali mu sanda, ine ndiziseweretsa mapepala? Thira, shamwari, thira mnzanga."

Anathira. Mlendo uja anasowa, n'kusiya chigubu chisanaume n'komwe.

Njinga inayenda bwino mpaka pa chikweza cha Boterekwa, kufupi ndi Shurugwi. Pamenepo inayamba kutsokomola, utsi woyera tolo, kenako zii. Haruni anayesa kuiliza, anaikankha, anaipempherera. Ayi ndithu. Msewu unali wopanda galimoto, nanga mafuta analipo masiku amenewo? Kuisiya patchire anaopa akuba. Anayamba kuikankha kukwera phiri, nthenga ija tsopano ikulemera ngati ng'ombe yakufa.

Dzuwa litapendeka foni inaliranso.

"Achimwene, muli pati?"

"Pa Boterekwa. Auzeni adikire pang'ono, chonde."

"Adikira kale. Ashehe akuti dzuwa silidikira munthu."

Amene anatsikira m'manda ndi Sande, mwamuna wa Nadia, yemwe Haruni ankamuseka kuti mlamu wanji woyendera njinga yakapalasa.

Haruni anafika ku Somabhula tsiku lotsatira masana, njinga ili pamwamba pa lole ya miyala. Anapeza dothi lofiira ataliunjika kale. Mayi ake sanamukalipire. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka petulo kotseka bwino. Pa chogwirira pake panali kapepala koyera, kopanda banga, komangidwa ndi ulusi.

"Bambo ako anasinthanitsa ndi mbuzi yawo mwezi wathawu," anatero mayiyo. "Anamuyesa okha papepalali. Ankati, mwana akadzabwera pa maliro anga, asadzavutike pobwerera."

Akuti Haruni anakhala pansi pomwepo, chitini chili pamiyendo, ndipo panalibe amene anatha kumudzutsa mpaka dzuwa linalowa.

Ku Mandava, Kulusumu anali atadontheza zotsalira za m'chigubu papepala lija. Banga linatsala lalikulu ngati chikhatho. Sanamuonetse mwamuna wake, anangoonetsa anzake pampopi, n'chifukwa chake ife tikudziwa.

Njinga ija ilipobe kuseri kwa nyumba yawo, injini inapsa, amayanikapo zovala za ana. Natsai anapita ndi woyendetsa minibasi zija amati kombi. Chitini chija Haruni sanachitsegule mpaka lero.

Phunziro: Kholo likakuuza chinthu chooneka chaching'ono, chichite, ngakhale anthu akukuyang'ana. Kudontheza papepala kukanamutengera Haruni mphindi imodzi, koma anataya tsiku limene silibwera kawiri. Tumizirani nkhaniyi ana anu ndi azichimwene anu onse amene akagula chatsopano makutu amatseka.