Phanga la Hilary

Minibasi inali itaima pa Limbe kwa mphindi makumi awiri, ndipo Salome anaona kuti mpata wogometsa azakhali ake ndi womwewu. Azakhali ake, a Esnat, anali atabwera kuchokera ku Nsanje ndi ntchito imodzi: kudzaona Hilary, mnyamata amene ankafuna kumukwatira. Iwo akakana, ndiye kuti kumudzi konse kwakana.

"Ndiye ukuti amagwira ntchito yanji?" anafunsa a Esnat.

Salome anakonza kukhosi. Digiri yake inali isanamupezere ntchito, chaka chachiwiri tsopano, koma kufotokoza zinthu kokha inamuphunzitsa.

Anawauza kuti Hilary ndi katswiri wolowa pansi pa madzi, mpweya uli m'botolo kumsana. Ntchitoyi ili ndi mitundu. Ena amalowa m'sitima zomira, ndipo amasambira mosavundula matope kuti asasochere. Ena amapita kozama kwambiri, pokwera n'kumaima kaye panjira kuti magazi asachite thovu. Kumayiko ozizira kuli olowa pansi pa madzi oundana. Zonsezi anaziwerenga pafoni.

"Nanga wakoyo?"

"Wa m'mapanga, azakhali. Ntchito yovuta kuposa zonse."

Kunena zoona, Hilary sanatchulepo phanga. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ankangoti kumene amalowa kulibe kuwala, maso ake ndi manja, ndipo moyo wake umakhala pa chingwe: akakoka kamodzi ndiye kuti ali bwino, akakoka kanayi ndiye kuti amutulutse. Salome anaphatikiza yekha, monga munthu wophunzira, yankho n'kutuluka phanga. Ngakhale kafungo ka mankhwala a kuchipatala kamene sikankachoka m'malaya a Hilary, Salome anangoti ndi ukhondo.

Za chingwezo anawafotokozeranso azakhali, mokweza pang'ono, kuti a mpando wakumbuyo amve nawo.

Kutsogolo msewu unali wotseka. Mvula ya dzulo lake inatsekereza paipi yaikulu ya zimbudzi, madzi akuda n'kusefukira mpaka m'makonde a masitolo. Amuna atatu ovala majombo anazungulira dzenje. Mmodzi anagwira chingwe cholowa m'madzimo, osachotsapo maso.

"Muli munthu mmenemo, mabwana!" anatero kondakitala. "Ife timadandaula thukuta la mapasenjala, mnzathu akusambira mu zimene munadya Lachiwiri."

Anthu anaseka. Salome anatseka mphuno ndi kampango.

"Mwaona, azakhali? Sukulu ndi yofunika. Ine munthu wotere ngakhale moni wa padzanja sindingamupatse."

A Esnat sanaseke. Maso awo anali pa chingwe.

"Chakokedwa kamodzi," anatero. "Ndiye kuti ali bwino, eti?"

"Izo ndi zina, azakhali. Za Hilary ndi za sayansi."

Mwadzidzidzi dzenje lija linalira, madzi a mumsewu n'kuyamba kubwerera kumene anachokera. Chingwe chinagwedezeka kanayi. Anamutulutsa: chimunthu chakuda bii, chovala cha labala kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, chisoti chotseka mutu wonse, botolo kumsana. Eni masitolo anaomba m'manja. Anzake anamuthira madzi a mankhwala, mphepo n'kubweretsa fungolo pawindo la minibasi. Mphuno ya Salome inalizindikira mutu usanavomere.

Chisoti chitachoka, Hilary anapukuta nkhope, naona minibasi, n'kukweza dzanja mwachimwemwe.

"Salome!"

A Esnat anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana Salome kuyambira pa kampango mpaka ku nsapato.

"Phanga lija ndi limeneli? Mnyamatayu ndamuvomera, mwanawe. Amene ndikufuna ndikamuganizirenso ndi iwe."