Nkhunda Yaulusi Wofiira

Nkhunda ija inali padenga la nyumba ya eni, ikudzikonza nthenga ngati palibe chomwe yalakwa. Febe anaizindikira asanatsike n'komwe panjinga: yoyera mbee, ulusi wofiira uli kumwendo wakumanzere.

Linali tsiku lachitatu akuisaka. Kuchokera kwawo ku Nsaru anali atafunsa kuzigayo, pamijigo ndi kwa akabaza, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anamulozera mudzi uno wa ku Kabudula, nyumba yamalata yoyang'anizana ndi chigafa cha fodya. Anthu ankamuseka kuti mayi wamkulu ngati iyeyo n'kumazunzika ndi mbalame yosakwana ndiwo za munthu mmodzi. Iye analibe nazo ntchito. Febe anakulira pakhomo pa nkhunda, bambo ake ankaweta zambirimbiri, koma yonga iyi, imene anaitcha Mphatso, anali asanaionepo. Ana onse atapita kumabanja awo, inali iyo yomuchotsa kusungulumwa. Inkadya mtedza m'dzanja mwake, n'kumutera paphewa akamapeta chimanga.

Anamupatsa nkhundayo ndi mwamuna wake Fabiano, mkamwini wofatsa, mkulu wa mpingo wopemphera mpaka anthu kulira. Anati anaigula pamsika. Ankaisamala kuposa mwini wake: milungu iwiri iliyonse ankatenga sizasi n'kuidula nthenga za m'mapiko kuti isauluke. Koma msika wa fodya utatsegulidwa anatanganidwa. Maulendo a ku Kanengo sankatha, mwina kugona konko masiku anayi, n'kubwera malaya ali ochapa bwino ndi osita. Nthenga zinamera iye osazindikira. Atamva kuti khola lapezeka lotsegula, anatuluka thukuta m'mawa wozizira wa mu Juni. Anati kabawi waigwira, Febe angoiiwala, amugulira ina. Febe anakana kwamtuwagalu. Analumbira kuti pakhomo pamene akaipeze, wina adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala.

Ndiye sanabwere yekha. Anatenga malume ake, a Rodwell, omwenso anali nkhoswe ya banja lake, ndi mayi Ezeliya, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala itadutsa kale Namitete. Anawachonderera ponena kuti wolakwa sakana pamaso pa anthu aulemu. Pakaliyala ya njinga yake panali kadengu kovindikira ndi thumba lotupa lomangidwa ndi malegeni. Malume atafunsa za thumbalo, anangoti ndi za komwe akupitako.

Mwini nyumba anatuluka mwana ali kumbuyo. Anali mtsikana ndithu, dzina lake Tabita. Anayala mphasa, nagwada kupereka moni kwa mmodzimmodzi. Febe anayankha ndi mutu wokha, mtima ukumutentha poona nkhope yosalala, yopanda n'khwinya lomwe. Anaimirira pakati pa bwalo, natambasula dzanja la mtedza, naimba kakhweru kake ka masiku onse. Mphatso inapendeka mutu, inatsika padenga, n'kutera paphewa pake.

"Mwaona nokha, malume," anatero Febe. "Tsopano mayiwa atiuze kuti nkhunda yanga yafika bwanji pano."

Tabita anayankha msanga. "Pepani amayi, ine sindinabe. Imeneyi inaswedwa m'khola ilo, make ndi uyo ali pamtondoyo. Yangobwera yokha dzana. Nkhunda nthenga zikamera imabwerera kwawo, eti."

A Rodwell anafunsa modekha kuti ngati inaswedwa pano, inakapezeka bwanji ku Nsaru.

"Anaitenga ndi bambo a mwanayu. Amati akukapatsa alongo awo a kumeneko, amasiye, odwaladwala, kuti iziwasangalatsa."

Mayi Ezeliya anasendera kutsogolo pamphasa, nafunsa dzina la bambowo. Tabita analitchula mosabisa, ndi kamanyazi ka mkazi wonyadira mwamuna wake: a Fabiano. Anaonjezera kuti masiku ano a fodya amakhalitsa pakhomo, ndipo analoza malaya abuluu amene anali pachingwe. Mabatani a malayawo anasokerera ndi Febe.

A Rodwell anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake ngati muli yankho. Pansipansi anati mapanga awiri avumbwitsa. Mayi Ezeliya anagwira pakamwa, kenako anaimirira n'kumanga chitenje molimba, monga amachitira munthu amene ali ndi nyumba zambiri zoti ayendere dzuwa lisanalowe. Tabita anayang'ana alendo ake mmodzimmodzi, ndipo maso ake ataima pa Febe, anangokhala pansi.

Febe sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Misozi anali ataimaliza kale miyezi yapitayo, akupinda malaya ositidwa ndi manja a wina. Anaika Mphatso m'kadengu, navindikira bwinobwino. Kenako anamasula malegeni, nakhuthula thumba lija pamapazi pa Tabita: jekete lakuda lovala Lamulungu, nsapato, bulangeti, buku la nyimbo, ndipo pamwamba pa zonse panagwa sizasi.

"Katundu wa amuna anuwo ndi uyu," anatero. "Akabwera muwauze kuti mlongo wawo uja wachira."

Anakwera njinga, kadengu kali kumbuyo. A Rodwell anatsala akuyang'ana mulu wa zovalawo, ndipo m'pamene anakumbukira kuti thumbalo linali pakaliyala kuyambira tsiku loyamba. Febe analilongedza m'mawa womwe uja anatambasula phiko la Mphatso n'kuona kuti nthenga zakwana, naimanga ulusi wofiira kumwendo, n'kutsegula yekha chitseko cha khola.