Chiboliboli cha Kwamena

Mlonda wa pachipata anauona munsi koma sanafunse. Mayi Araba agulitsa nsomba ndi dokono, nsima yokulunga m'masamba, pachipata cha yunivesite zaka zoposa makumi awiri, ndipo mlonda aliyense amapadziwa pakamwa pawo.

Analunjika kuseri kwa laibulale. Chiboliboli chinali pomwepo, chokutidwa ndi nsalu yoyera, chikuyang'ana kunyanja. M'mawa womwewo mphepo inakweza nsaluyo iwo akudutsa ndi beseni pamutu. Anaiona nkhope. Anatula beseni, n'kubwerera kunyumba kukatenga munsi.

Patsinde pa chibolibolicho analembapo dzina la mwamuna wawo, Kwamena Eshun, msodzi amene anavuula ophunzira asanu m'nyanja, iye n'kutsala momwemo. Papita zaka makumi awiri ndi zinayi. Nthawi imeneyo a yunivesite sanabwere n'kumaliro komwe. Ophunzira asanu aja lero ndi mabwana a mimba zawo, koma palibe ndi mmodzi yemwe anagogodapo pakhomo pa mkazi wamasiye amene anatsala ndi pakati. Lero akumbuka! Akufuna munthu wakufa woti azijambulitsa naye tsiku lolandira madigiri.

Mwambo wovundukula unali mawa lake. A yunivesite anaitana gulu lonse la Asafo la Kwamena, gulu lamakolo la asodzi a kudooko, kuti abwere ndi mbendera zawo ndi ng'oma. Gulu la Asafo la kumtunda sanaliitane, ndipo anachita bwino. Magulu awiriwa sapatsana moto kuyambira chaka chimene Kwamena anamira, pamene Fiifi, woimba ng'oma wa kumtunda, anatukwana a kudooko ndi ng'oma yake pachikondwerero. Mitu inaphulika tsiku limenelo, Fiifi n'kuthawira ku Abidjan.

Mayi Araba anakweza munsi.

"Amayi! Amayi, taimani!"

Anali a Quansah, mphunzitsi wa zosemasema amene anaumba chibolibolicho. Anabwera akuthamanga, simenti ili mbuu m'mikono, n'kuima pakati.

"Chokani, aphunzitsi. Munsiwu suwerenga digiri."

"Koma ndi ulemu wa amuna anu umenewu."

"Ulemu? Mwana wanga ndamulera ndi utsi wa nsomba. Ulemu wanuwo unali kuti? Munandifunsa ine? Kapena mkazi wonunkha nsomba safunsidwa?"

Ophunzira anayamba kuunjikana, mafoni m'mwamba. Ana amene amadya nsomba zawo tsiku lililonse, lero akuwajambula ngati wamisala. Wina anakuwa kuti, "Auntie, menyani tione!" Anzake anafa ndi phwete.

"Iwe wa khosi ngati nkhanga, amako akudziwa kuti kuno umaphunzira kuseka akulu?"

Mnyamatayo anabisa foni.

A Quansah anatsitsa mawu. "Ngati pali cholakwika, nenani. Tikonza."

"Si mwamuna wanga uyu. Chotsani nkhopeyo lero. Ikani nsomba, ikani nkhafi, ikani nkhope yanu yomweyo. Koma a kudooko asadzaione mawa."

"Amayi, sindinapeke. Ndinatsata chithunzi."

"Bodza! Kwamena sanajambulitsepo. Ankati kamera ndi ya alendo obwera kudzalira kulinga la akapolo kuja. Chithunzi chake kulibe dziko lonse lino."

Apa m'pamene Ekua anatulukira pakati pa ophunzira. Ndiye mwana uja anali m'mimba. Tsopano amaphunzira mbiri yakale pomwepo, ndipo nkhani yonse ya chiboliboli anaiyambitsa ndi iyeyo. Anayenda dooko lonse ndi kope lake, kufunsa asodzi okalamba za atate amene sanawaonepo. Anaima pamaso pa mayi ake akukoka khutu lake lakumanzere, lopindika lija, monga amachitira chibadwire akapsa mtima.

"Amayi, mukundichititsa manyazi."

"Pita kukalasi."

"Sindipita. Chaka chathunthu ndakhala ndikugogoda m'maofesi kuti atate akumbukiridwe. Inu simunandiuzepo kanthu. Ndikafunsa kuti ankaoneka bwanji, mumati ndikatsuke mbale."

"Ndipo mbalezo sunatsukebe. Choka!"

"Mumadana nawo chifukwa anafera ana a eni, inu n'kukusiyani. Nenani choncho basi."

Ophunzira anang'ung'udza movomereza. A Quansah nawo anagwedeza mutu ngati adziwa zonse. Anthu ophunzira ndi otero. Akapeza yankho limodzi amakhuta.

Mayi Araba anamukankhira Ekua pambali n'kugwetsera munsi pa chiboliboli. A Quansah anaugwira m'malere, koma nsonga yake inakola nsalu. Nsalu inatsetsereka mpaka pansi.

Nkhope inaonekera poyera. Mphumi yotakata. Mpata pakati pa mano. Khutu lakumanzere lopindika.

"Eee, Ekua weniweni!" anatero mtsikana wina. "Khutu lomwelo!"

Ekua anapisa m'chikwama n'kutulutsa chithunzi chakale chothimbirira m'mbali.

"Mumati kulibe. Nachi. Ndinachipeza m'bokosi lanu, pansi pa nsalu zanu zamaliro, mutachikulunga m'mpango. Mwachisunga zaka zonsezi. Onani khutulo, amayi, muone langa. Nenani pamaso pa anthu onsewa kuti awa si atate anga."

Mayi Araba anachiyang'ana chithunzicho. Munsi unagwa pa simenti.

Anali atate ake a Ekua ndithu, koma sanali Kwamena. Anali Fiifi, woimba ng'oma wa kumtunda. Ndipo kudooko kulibe msodzi wokalamba amene anaiiwala nkhope imeneyo.