Musasunthe, Bambo a Ana

"Ndinkanena ine!" anakuwa bambo mosangalala, matchanelo onse a padikoda atangozima mpira uli mkati. Anathamangira kuchipinda n'kusolola eriyo yakale kunsi kwa bedi, imene akazi awo ankafuna kuitaya chaka ndi chaka.

"Si mumati ndi chitsulo chachabechabe? Lero muiombera m'manja!"

Anakwera padenga n'kuyamba kuizunguza.

"Zabwera?"

"Mchenga wokhawokha, adadi!" anayankha mwana wawo wamkazi pawindo.

"Nanga pano?"

Patapita kanthawi mayi anafuula: "Eyaa! Pomwepo, bambo a ana! Musasunthe, mukangoisiya zithawa!"

Bambo anaima chilili, mkono uli m'mwamba, akuuza aliyense wodutsa mumsewu kuti munthu wanzeru sataya zinthu. M'nyumba munamveka phwete, kenako nthungululu.

"Tagoletsa?"

"Ziwiri!" anayankha mayi, akupukuta misozi ya chimwemwe.

Matchanelo a padikoda anali atabwerera kalekale, ndipo waya wa eriyo unali gone pansi, wosalumikiza. Limoti ili m'manja mwawo koyamba chaka chino, mayi anatsitsako mawu pang'ono. M'sewero lawo lapamtima, mkwati ndi mkwatibwi anali akulowa m'tchalitchi.