Boneti Yofewa ngati Pilo

A Injiniya anali pakati pofotokoza mmene bondo la munthu limapindikira pamene namwino anawapempha kachiwiri kuti atsitse mawu. M'khonde la chipatala munali benchi imodzi yokha, ndipo pabenchipo panakhala mlongo wawo, atafumbata nsapato imodzi ya mwamuna wake. Mwini nsapatoyo anali kuseri kwa chitseko chotseka. Galimoto inamugunda masana akudutsa msewu, ndipo madokotala ankakambirana ngati mwendo wake wamanzere utsale kapena uchoke.

"Chemwali, pukuta misozi," anatero a Injiniya. "Amene anaona ngoziyo akuti galimotoyo ndi ya mtundu wanji? Wathu uja. Ndiye ukuliranji?"

Mtunduwo unalidi wawo. Theka la moyo wawo analithera kukampani yopanga magalimoto, kukonza kutsogolo kwa galimoto kuti ikagunda woyenda pansi isamuphe. Bampala anaifewetsa n'kuitsitsa kuti izikankha mwendo m'munsi mwa bondo. Pansi pa boneti anasiya mpata woti chitsulo chizipindikira m'kati mutu ukagwerapo. Zidole zoyesera ngozi zimene anazigundapo zikanadzaza basi, ndipo ankazikamba ngati ana awo obereka okha. Kaya ndi paukwati, kaya pamaliro, wokhala nawo pafupi ankanyamuka akudziwa kulemera kwa mutu wa munthu wamkulu. Alamu awo omwewo, amene analibe ndi njinga yomwe, ankakonda kuwaseka: "Alamu, tsiku lina ndikadzatopa ndi kuyenda ndidzagonako pa pilo wanuyo."

Chitseko chinatseguka. Dokotala anatuluka akuvula magolovesi.

"Bondo laphwanyika ngati mbale yadothi. Mitsempha nayo yaduka."

"Zosatheka," anatero a Injiniya, akumanga batani la jekete. "Pa liwiro la m'tauni galimoto imeneyo siithyola bondo. Ndinaipanga ndine. Zithunzi ndili nazo."

"Nanenso ndili nazo, bambo," anayankha dokotala, n'kutembenukira kwa mayi uja. "Mayi, tikudikira mawu anu. Tikapitiriza kunyengerera mwendo, titaya munthu yense."

Mayiyo anayang'ana mlongo wake. Chiyambire ali ana, panalibe funso limene achimwene ake analephera kuyankha, ngakhale limene sanafunsidwe.

"Achimwene, ndinene chiyani?"

A Injiniya anakonza tayi, imene inali yokonzeka kale. Mayiyo anagwedeza mutu kuvomera kuti mwendowo udulidwe, ndipo chitseko chinatsekanso.

Kudikira kunawakanika a Injiniya. Anayenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera, akuwerengera m'mutu. Mwina woyendetsayo ankathamanga ngati akuthawa moto. Mwina alamu anawerama. Zidole zonse zija zinkaima chilili, sizinkawerama, sizinkacheuka munthu akaziitana kutsidya la msewu. Kapena mwina anthu onse amene anawauza paukwati ndi pamaliro kuti aziyenda mumsewu mtima uli m'malo anawanamiza. Anakhala pansi pafupi ndi mlongo wawo. Anafuna kumugwira dzanja, koma manja onse awiri anali pansapato.

Kenako kunatulukira wapolisi wa pamsewu, chipewa chili m'khwapa, thukuta lili kamukamu.

"Ndinu achibale? Pepani ndi zimenezi. Galimoto taigwira, woyendetsanso ali m'manja mwathu."

"Ankathamanga," anatero a Injiniya, osati mofunsa.

"Ayi, bwana. Ankayenda ngati akuperekeza maliro. Ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, ankaibweza kwa mwini wake. Vuto ndi chimene anali atangowotcherera kutsogoloko. Chichitsulo chachikulu ngati geti la ndende, chija amaika anthu kuti galimoto isakandike. Penti yake sinaume n'komwe. Ina yatsalira pathalauza la abambowa."

Mayi uja anaimirira. Kwa nthawi yoyamba tsikulo misozi inaleka.

"Mwamva, achimwene? Si galimoto yanu yalakwa ayi. Ndi anthu aja mumawanena pawailesi aja! Munati chiyani? Munati woika chitsulo chotero amakonda penti kuposa mwendo wa mnzake. Auzeni abwanawa, achimwene. Auzeni mmene mumanenera muja!"

A Injiniya ankayang'ana pansi, ngati simentiyo yalembedwa nkhani yofunika.

"Achisoni awa, asiyeni," anatero wapolisi mokoma mtima. "Mwini wakeyo timupeza pompano. Mmisiriyo watipatsa nambala. Akuti ndi bwana wina wodziwa zinthu, anabwera yekha m'mawa, n'kusankha chitsulo chonenepa kuposa zonse. Ati boneti yake njofewa kwambiri, anthu oyenda pansi akangoitsamira poimika magalimoto imapindika."

"Muimbireni," anatero mayiyo. "Ndimve mawu ake okha."

Wapolisi anadina manambala n'kuika foni kukhutu. M'khonde monse munali zii.

M'thumba la jekete la a Injiniya foni inayamba kulira.